Nyimbo zovina zikamagawidwa ulere pa intaneti, kampani yaing'ono igulitse kudzera njira iti?

Kugawana mafayilo sikupweteka makampani onse a nyimbo mofanana. Kampani yaikulu ili ndi omvera mamiliyoni komanso mipata yambiri yopezera ndalama. Kampani yaing'ono ya house, techno, drum and bass kapena amapiano, yomwe kawirikawiri imayendetsedwa ndi munthu mmodzi kapena awiri, imadalira kagulu kochepa: ma DJ ndi anthu ochepa okonda nyimbo amene amafuna fayilo yonse, yosadulidwa, yomveka bwino pa masipika akuluakulu. Malonda ake amathanso msanga. Masabata oyamba ndiwo amabweretsa ndalama, ndipo pakatha miyezi ingapo ma DJ amakhala atadzaza kale ma USB awo ndi zatsopano. Fayilo ikathawa kutatsala sabata kuti ituluke, mwini kampani amakhala ngati mlimi amene anyani amulowera m'munda asanakolole.

Vutoli silichoka, limangosamuka. Pulogalamu yogawanirana mafayilo ya Napster inayamba mu 1999 n'kutsekedwa mu 2001, koma inzake ya Soulseek, yomwe okonda nyimbo za m'makalabu anaikonda kuyambira kale, ikugwirabe ntchito. Webusayiti yosungira mafayilo ya Megaupload inatsekedwa mu January 2012, inzake ya Zippyshare inatseka mu March 2023, ndipo lero mafayilo akuyenda m'magulu a Telegram ndi pa mawebusayiti amene amalipiritsa ma DJ pamwezi kuti azidawuniloda nyimbo zomwe eni ake salandirapo kanthu. Palibe njira yogulitsira imene ingatseke mpata umenewu. Chimene mukusankha n'chakuti munthu amene angathe kupeza nyimbo yanu ulere mumupatse chifukwa chotani choti alipire.

Zoyang'ana musanasankhe

Choyamba, dziwani amene amakulipirani. Ngati ndi DJ, akufuna fayilo yosapanikizidwa ya WAV kapena AIFF ya mphindi 6 kapena 7 yokhala ndi poyambira ndi pothera pa ng'oma zokha kuti asakanize bwino. Ngati ndi womvera wamba, akufuna nyimbo ya mphindi 3 pa foni, ndipo sagula fayilo.

Chachiwiri, werengerani ndalama yotsala m'manja mwanu aliyense akadula gawo lake, komanso nthawi imene imatenga kuti ifike. Mtengo wolembedwa pa sitolo usakunyengeni.

Chachitatu, zindikirani pamene fayilo imathawira. Mipata yake ndi inayi: ma promo (makope aulere otumizidwa kwa ma DJ nyimbo isanatuluke), fayilo yogulidwa ndi munthu mmodzi n'kuikidwa pa intaneti, mawu okoperedwa pa YouTube kapena SoundCloud, ndi mbale ya vinyl yojambulidwa pa kompyuta. Mpata woyamba ndi umene umawononga kwambiri, ndipo ndi wokhawo umene uli m'manja mwanu.

Chomaliza, dzifunseni kuti wogulayo ndi wa ndani. Ngati simukudziwa imelo yake, kasitomalayo ndi wa sitolo.

Masitolo a ma DJ: Beatport ndi Traxsource

Mtengo. Makampani ang'onoang'ono ambiri amalowa m'masitolowa kudzera kwa distributor (kampani yofikitsa nyimbo m'masitolo), monga Label Worx kapena Symphonic, amene amatenga gawo lake pa malonda alionse. Sitolo imatha kutenga pafupifupi theka la mtengo. Tiyerekeze kuti nyimbo yagulidwa pa $2: sitolo ikatenga theka patsala $1, distributor akadula 20 peresenti patsala masenti 80, ndipo ngati mgwirizano wanu ndi pulodyusa (wopanga nyimboyo) ndi wogawana pakati, inu mwatsala ndi masenti 40. Pa masenti amenewa ndi pomwe mulipirire mastering (kukonza mawu komaliza nyimbo isanatuluke) ndi chithunzi cha pachikuto. Ngati zimenezi zinadya $200, mukufunika kugulitsa mafayilo 250 kuti ndalamayo ibwerere musanagawane, ndipo nyimbo zambiri za makampani atsopano sizifika pamenepo.

Kupezeka. Beatport, yomwe inayamba mu 2004 ku Denver, ndi yamphamvu pa techno, tech house, trance ndi drum and bass. Traxsource imakondedwa ndi ma DJ a deep house, soulful house ndi afro house. Kampani yatsopano imayenera kuvomerezedwa kaye, ndipo nyimbo zitumizidwe kutatsala masabata atatu kapena anayi ngati mukufuna kuti osankha nyimbo a sitoloyo aziganizire poika patsamba loyamba.

Chisamaliro. Ntchito yake ndi ya m'mapepala: nambala yozindikiritsa ya ISRC pa nyimbo iliyonse, ina ya UPC pa chimbale chonse, dzina la remix lolembedwa molondola, chithunzi chachikulu cha mbali zofanana. Kulakwitsa mtundu wa nyimbo kumawononga malonda kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa ma DJ amafufuza potsatira mtundu, ndipo nyimbo ya deep house yoikidwa m'gulu la tech house imaonedwa ndi anthu osaifuna. Ndalama zimafika mochedwa, nthawi zambiri pakatha miyezi iwiri kapena itatu.

Zoopsa. Mafayilowa alibe loko aliyense, ndipo sangakhale naye chifukwa ayenera kuseweredwa pa makina osiyanasiyana. Munthu mmodzi akagula, fayiloyo itha kupezeka m'magulu ogawana tsiku lomwelo. Kupereka nyimbo kwa Beatport yokha kwa masabata awiri oyamba kumathandiza kukwera tchati, pakuti malonda onse amaunjikana pamalo amodzi, komabe DJ amene sagula kumeneko amapita kukaisaka kwa akuba m'malo modikira. Kuyambira 2019 Beatport ilinso ndi streaming (kusewera nyimbo pa intaneti osagula fayilo) yolumikizana ndi mapulogalamu a ma DJ a rekordbox, Serato ndi Traktor. Imakopa ma DJ ena amene akanaba, koma imadyanso ena amene akanagula.

Bandcamp

Mtengo. Bandcamp imatenga 15 peresenti pa mafayilo, ndipo gawoli limatsika kufika 10 peresenti malonda akadutsa $5,000. Pa katundu wogwirika monga mbale ndi malaya imatenga 10 peresenti. Pamwamba pake pali ndalama ya kampani yoyendetsa malipiro, pafupifupi 4 mpaka 7 peresenti. EP (chimbale cha nyimbo zochepa) yogulidwa pa $6 imakusiyirani pafupifupi $4.80 musanagawane ndi pulodyusa. Pa malonda ang'onoang'ono ndalama ya malipiro imaluma kwambiri, choncho n'kwanzeru kuika mtengo woti EP yonse izioneka yotsika kusiyana ndi kugula nyimbo imodziimodzi. Pa masiku a Bandcamp Friday, amene anayamba mu March 2020, Bandcamp sitenga gawo lake.

Kupezeka. Palibe wokuvomerezani, mutha kutsegula tsamba lero. Chotchinga chili pa kulandira ndalama: kwa zaka zambiri malipiro ankadutsa pa PayPal, ndipo m'mayiko ena PayPal imalola kutumiza ndalama koma osati kulandira. Tsimikizirani zimenezi musanalengeze tsiku lotulutsa nyimbo.

Chisamaliro. Mumaika fayilo ya WAV, AIFF kapena FLAC, wogula n'kusankha yekha mtundu woti adawuniloda. Apa pali kanthu kakang'ono kamene ma DJ amakaona: AIFF imasunga bwino dzina la nyimbo ndi chithunzi, pamene WAV kawirikawiri imafika mu rekordbox yopanda zonsezi. Ntchito yaikulu ndi yobweretsa anthu. Bandcamp siikukokerani ma DJ mmene tchati ya Beatport imachitira, ndiye muyenera kulemba mauthenga kwa otsatira, kutsegula malonda a pre-order (olipiriratu chimbale chisanatuluke) ndi nyimbo imodzi yomveka, komanso kusunga mndandanda wa maimelo pa kompyuta yanu.

Zoopsa. Fayilo imakoperedwa chimodzimodzi ndi ya m'sitolo ina iliyonse. Kusiyana kuli pa mtima wa wogula: amadziwa kuti ndalama yambiri ikupita kwa eni nyimbo, ndipo ena amawonjezera pa mtengo mwakufuna kwawo. Mwa njira zonse zogulitsira mafayilo, iyi ndi imene imalimbana bwino ndi kugawana ulere, chifukwa ikugulitsa ubale limodzi ndi fayilo. Choopsa china ndi umwini wa Bandcamp yomweyo. Inagulidwa ndi Epic Games mu 2022 n'kugulitsidwanso kwa Songtradr mu 2023, ndipo malamulo ake atha kusintha popanda kukufunsani. N'chifukwa chake maimelo aja asamangokhala pa tsamba lawo.

Streaming: Spotify, Apple Music, YouTube ndi SoundCloud

Mtengo. Kulowa kudzera kwa distributor n'kotchipa. DistroKid imalipiritsa pachaka, CD Baby imalipiritsa kamodzi pa chimbale n'kumatenga kagawo pa zolowa, ndipo distributor wa nyimbo zovina amene akukutumizirani ku Beatport amatumizanso kuno. Zolowa ndi zochepa. Spotify ilibe mtengo wokhazikika wa kumvera kumodzi, imagawa thumba limodzi potengera kuchuluka kwa kumvera konse, koma ambiri amawerengera pakati pa $0.003 ndi $0.005. Tikatenga $0.004, kumvera ka 10,000 kumabweretsa $40, ndipo EP imodzi ija ya pa Bandcamp ikufanana ndi kumvera ka 1,200. Kuyambira 2024, nyimbo yosafika kumvera ka 1,000 m'miyezi 12 silandira kalikonse ku Spotify.

Kupezeka. Kulikonse kumene kuli foni ndi intaneti.

Chisamaliro. Dongosolo lake silikomera nyimbo zazitali. Kumvera kumawerengedwa pakadutsa masekondi 30, ndipo nyimbo ya mphindi 8 imalipidwa mofanana ndi ya mphindi 3. Poyambira pa ng'oma zokha, pamene DJ amapafuna, ndi pomwe womvera wamba amadumphira kupita ku nyimbo ina. Ndiye makampani ambiri amakonza mitundu iwiri: yaifupi ya streaming, ndi yaitali yogulitsa kwa ma DJ. Uliwonse ukhale ndi ISRC yake. Pa YouTube, Content ID imazindikira nyimbo yanu m'mavidiyo a ena n'kukupatsani ndalama ya malonda otsatsa. Kumbukirani kuchotsa pa mndandanda wake machanelo amene mwawapatsa nokha nyimbo kuti aitchukitse, apo ayi mudzatsekereza anzanu omwe. Content ID imafunanso kuti mawu onse akhale anu nokha, choncho nyimbo yomangidwa pa ma loop (tizidutswa ta mawu tobwerezabwereza) ogulidwa amene aliyense angagwiritse ntchito imabweretsa mikangano.

Zoopsa. Streaming inachepetsa kuba pakati pa omvera wamba, chifukwa kutsegula pulogalamu n'kosavuta kuposa kusaka fayilo. Kwa ma DJ inatsegula mpata wina: mapulogalamu okopera mawu pa YouTube ndi SoundCloud. Fayilo yotere imatha kulembedwa kuti ndi MP3 yapamwamba ya 320 kbps chikhalirecho inachokera pa yotsika ya 128 kbps. Mukaitsegula mu pulogalamu yoonetsa mafunde a mawu ngati Spek, mudzaona mawu atadulidwa mowongoka cha pa 16 kHz, pamene 320 yeniyeni imafika cha pa 20 kHz. Pa foni kusiyanaku sikumveka kwenikweni, koma m'kalabu ma hi-hat (tizitsulo ta ng'oma ta mawu okwera) amafota ndipo anthu amaganiza kuti mastering yanu ndi yoipa. Pewaninso ogulitsa malo m'ma playlist. Spotify ikapeza kumvera kwachinyengo imachotsa nyimbo ndi kulipiritsa distributor, iye n'kukudulani inuyo.

Mbale za vinyl

Mtengo. Apa ndalama imatuluka yonse musanagulitse mbale ndi imodzi yomwe: mastering yapadera ya vinyl, kudula mbale yoyamba yokoperapo (lacquer kapena DMM), zitsulo zodindira, mbale zoyesera, kudinda, zikuto ndi mayendedwe. Makampani ang'onoang'ono ambiri amadinda pafupifupi 300. Tiyerekeze kuti zonse zakwana $2,100, ndiye kuti mbale imodzi yadya $7. Mukagulitsa nokha pa $15, mufunika kugulitsa 140 kuti mubweze ndalama. Mukapereka kwa distributor pa mtengo wa pikulitsa, phindu pa mbale limatsala laling'ono kwambiri moti pafunika kuti pafupifupi zonse zithe. Mgwirizano wa P&D, pomwe distributor amalipira kudinda n'kudzadula pa malonda, umachotsa katundu ameneyu pa mapewa anu, koma amaupereka kwa amene amukhulupirira kale.

Kupezeka. Mafakitale odinda ndi ochepa ndipo makampani akuluakulu akaitanitsa zambiri, ang'onoang'ono amakankhidwira kumbuyo. Moto umene unawononga fakitale ya Apollo Masters ku California mu February 2020 unasiya MDC ya ku Japan ngati gwero lalikulu la lacquer, ndipo mu 2021 kudikira mbale kunkapitirira theka la chaka. Ngakhale zinthu zili bwino, werengerani miyezi. Mafakitale a ku Ulaya amafunanso umboni woti za umwini wa nyimbo zakonzedwa ndi bungwe monga GEMA kapena MCPS asanadinde.

Chisamaliro. Mbale ili ndi malire ake. Kuti imveke mwamphamvu m'kalabu, mbali imodzi ya 12 inchi isapitirire mphindi 8 kapena 9 pa liwiro la 45 rpm, kapena pafupifupi mphindi 12 pa 33. Mukapanikiza nyimbo zambiri, wodula amatsitsa mphamvu ya mawu kuti mizere ikwane. Besi yotsika kwambiri iyenera kukhala mono (yofanana pa masipika onse awiri), chifukwa besi yotambalala imagwedeza singano mokweza ndi kutsitsa mpaka kudumpha. Mawu okwera amafooka singano ikamayandikira pakati, ndiye nyimbo yofunika kwambiri ikhale kumayambiriro kwa mbali. Mbale zoyesera zimvereni zonse, pa ma turntable osachepera awiri: phokoso likamveka pamalo amodzimodzi pa mbale zonse, vuto lili pa chitsulo chodindira ndipo musavomereze. Mukavomereza, zolakwikazo ndi zanu. Mabokosi asungidwe choimika, kutali ndi kutentha.

Zoopsa. Mbale siikoperedwa ngati chinthu chogwirika, koma mawu ake amajambulidwa mosavuta, ndipo kutulutsa pa vinyl pokha sikuletsa nyimbo kufika pa Soulseek. Kumangochititsa kuti fayilo yokhayo yopezeka ikhale yakuba. Zikatha msanga, phindu la mitengo yokwera pa Discogs, msika wa mbale wa pa intaneti, limapita kwa ogulitsanso. Zikapanda kutha, ndalama yanu yagona m'mabokosi. Palinso ngozi ya distributor kugwa: Amato ya ku Britain inagwa mu 2007, Neuton ya ku Germany mu 2008, pa nthawi imene malonda a mbale ankatsika ma DJ akusamukira ku CD ndi kompyuta, ndipo makampani ang'onoang'ono ambiri anataya ndalama zimene anali asanalipidwe.

Kupereka ulere kapena kulembetsa mamembala

Mtengo. Kupereka ulere sikudya ndalama zambiri, koma mastering ndi chithunzi mulipirabe. Bandcamp imapereka madawunilodi aulere 200 pamwezi, ndipo mutha kuika mtengo woti wogula atchule yekha. Za mamembala olipira pamwezi zimachitika pa Patreon kapena pa Bandcamp pomwepo, iwo n'kumadula gawo lawo.

Kupezeka. Aliyense angayambe, koma umembala umagwira ntchito kwa amene ali kale ndi otsatira okhulupirika.

Chisamaliro. Mamembala amafuna chatsopano mwezi uliwonse, kaya mwatopa kaya pulodyusa wachedwa. Makampani ambiri amayamba ndi moto n'kuzilala chaka chisanathe.

Zoopsa. Njira ngati ya Hypeddit, yopatsa fayilo munthu akakutsatirani pa SoundCloud, imakweza manambala koma ambiri mwa otsatirawo sabwereranso. Imelo ndi yamtengo kuposa kutsatira kumeneko. Ma edit ndi ma bootleg, omwe ndi nyimbo za ena zosinthidwa popanda chilolezo, amaphwanya malamulo a umwini ngakhale mukupereka ulere, ndipo angatseketse akaunti yanu yonse. Membala mmodzi athanso kugawira gulu lonse la Telegram. Nsanja nazonso zimafa: Drip, imene makampani odziimira okha ankagulitsirapo umembala, inalengeza kutseka mu 2016 Kickstarter isanaigule.

Nanga kulipira ochotsa mafayilo akuba?

Iyi si njira yogulitsira, ndi chowonjezera. Lamulo la ku America la DMCA la 1998 limalola mwini nyimbo kupempha kuti fayilo ichotsedwe, ndipo Google ili ndi fomu yaulere yochotsera maulalo pa zotsatira za kufufuza. Makampani monga AudioLock ndi MUSO amagwira ntchitoyi polipidwa. Phindu lake lenileni ndi loti munthu akalemba dzina la nyimbo yanu pa Google aone sitolo poyamba. Safika pa Soulseek, pomwe mafayilo amachoka pa kompyuta ya munthu kupita pa ya mnzake, ndipo m'magulu otsekedwa amalowa movutikira. Ndalamayi ndi yoyenera m'masabata ozungulira tsiku lotulutsa. Kulipirira chaka chonse nyimbo zakale zosagulidwa n'kutaya.

Chotchipa komanso chothandiza kuposa zonsezi ndi kusamala ma promo. Tumizani kudzera pa nsanja ngati Inflyte imene imaika chizindikiro chosamveka, chosiyana kwa wolandira aliyense, kuti fayilo ikathawa mudziwe inachokera kwa ndani. Chepetsani mndandanda: ma DJ 40 amene amaseweradi nyimbo zanu aposa 600 amene simukuwadziwa, ndipo ambiri mwa 600 aja ndi omwe akanagula. Fupikitsani nthawi ya pakati pa promo ndi tsiku lotulutsa, ndipo pa SoundCloud ikani kachidutswa ka mphindi ziwiri mpaka tsikulo litakwana.

Njira iti kwa ndani

Kampani yongoyamba kumene, yopanda ndalama zambiri, iyambe ndi Bandcamp n'kuika mitundu yaifupi pa streaming kuti dzina lizipezeka. Vinyl idikire.

Ngati nyimbo zanu ndi za tech house, techno kapena afro house ndipo cholinga n'choti ma DJ otchuka azisewera, Beatport kapena Traxsource simungazithawe. Pitani kudzera kwa distributor wodziwa nyimbo zovina, gwiritsani ntchito ma promo a chizindikiro, ndipo nthawi yogulitsa pa sitolo imodzi ikatha ikani nyimbozo pa Bandcamp.

Ngati muli ndi otsatira amene amagula mbale, dindani 300 kapena kuchepera, mutsegule pre-order kuti muone chiwerengero chenicheni musanalipire fakitale, ndipo mafayilo atuluke tsiku lomwelo kapena patangopita masabata ochepa. Kudikira miyezi kumapereka msika wonse kwa ojambula mbale.

Nyimbo zokhala ndi mawu oimba, zomwe womvera wamba angazikonde pa foni, ziike mphamvu pa streaming ndi Content ID, mtundu wautali n'kugulitsidwa padera kwa ma DJ.

Kampani imene eni ake amapeza ndalama posewera m'makalabu ndi kukonza zochitika itha kupereka nyimbo zina ulere posinthanitsa ndi imelo, bola mapulodyusa avomereze zimenezi mu kontirakiti. Umembala wa pamwezi ndi wa kampani yokhala ndi nyimbo zambiri zakale komanso mapulodyusa okwanira kutulutsa chatsopano mwezi uliwonse osaphonya.